Bondo Limayankhula Tisanalijambule

Tsiku la kiliniki ya mafupa, benchi ya pakhonde imadzaza dzuwa lisanatenthe. Ndikamadutsa kupita m'chipinda chopimira, maso anga amakhala atayamba kale ntchito. Wothyoka mkono amaufungatira ngati khanda. Wachikhakha amakhala atatambasula mwendo, ndodo zili pambali. Koma pali gulu lina limene silidziwika likakhala pansi. Limadziwika poimirira. Dzina likaitanidwa, munthu amayamba wagwira benchi ndi manja onse awiri, n'kuweramira kutsogolo, n'kudzuka pang'onopang'ono ngati wasenza thumba la chimanga. Akaimirira sayenda nthawi yomweyo. Amaima kaye kudikira kuti mawondo avomere. Poyamba amaponya phazi motsimphina, kenaka mwendo umamasuka. Pofika pampando wanga, thupi lake limakhala litandiuza kale theka la nkhani.

Mayi wina wa zaka za m'ma 60 analowa motero tsiku lina. Anandipatsira kabuku ka kuchipatala ndi manja awiri, n'kukweza chitenje pang'ono kuti ndione. Mawondo onse awiri anali ndi mizere ya mphini, zina zakale zoda, zina zaposachedwa.

"Adokotala, mundijambule," anatero. "Mawondowa andikana. Kumudzi akuti ndinaponda mankhwala kudimba. Ana anga akuti ndi ukalamba basi. Makina anuwo ndiwo anene zoona."

"Mayi," ndinawayankha, "makinawo tiwafunsa ngati pafunika kutero. Koma ndiyambe ndi inu, chifukwa amene mumagona ndi kudzuka nalo bondoli ndinu."

Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya mafupa m'zipatala za m'maboma, pempho la kujambulidwa ndalimva kosawerengeka. Lero ndikufuna ndikulowetseni m'chipinda chathu, muone zimene timafufuza, ndiponso chifukwa chake matenda amenewa timawadziwa kwambiri ndi makutu ndi manja kusiyana ndi makina.

Mawu akuti nyamakazi ali ngati dengu la pamsika: timaponyamo chilichonse. Kuphwanya kwa thupi, dzanzi la m'miyendo, kutupa kwa zala, kuwawa kwa msana, zonsezi timati nyamakazi. Kuchipatala timaziika padera, chifukwa matenda a mfundo za mafupa alipo mitundu yoposa 100 ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Mtundu wofala kuposa yonse ndi umene madokotala amautcha osteoarthritis, nyamakazi ya kuperepeseka kwa mfundo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo mwa iwo 365 miliyoni vuto linali m'mawondo. Choncho mayi a mphini aja sanali okha, ndipo panalibe amene anawalodza.

Kuti mumvetse chimene chimachitika, kumbukirani ntchafu ya nkhuku pa tsiku la Khirisimasi. Mukamaliza mnofu, kumapeto kwa fupa kumatsala kachinthu koyera, kosalala, konyezimira, kamene ana amalimbirana kutafuna. Chimenecho ndi chicherewecherewe. Mfundo iliyonse ya m'thupi mwathu imene imapindika ili nacho, chokuta nsonga za mafupa awiri amene akumanapo. M'bondo n'chochindikala mamilimita ochepa okha, koma n'choterera kuposa sopo wonyowa. Mfundo yonseyo ili m'kathumba kamene kamatulutsa timadzi tonanda tofewetsa, ndipo kunja kwake kuli mitsempha yomanga ndi minofu yogwiriziza.

Chicherewecherewe chili ndi zodabwitsa ziwiri. Choyamba, chilibe mitsempha ya magazi. Chimadya kuchokera m'timadzi ta m'mfundo tija, ndipo chimadya pokhapokha munthu akuyenda: mukaponda chimafinyika, mukanyamula phazi chimayamwa, ngati siponji. Mfundo yosayenda imagona ndi njala. Chachiwiri, chilibe mitsempha yomvera ululu. Ululu umene wodwala amamva suchokera m'chicherewecherewe chenichenicho. Umachokera ku fupa la pansi pake limene layamba kusenza katundu lopanda nkhata, ku kathumba kamene katupa, ndi ku minofu yotopa.

Matendawa akayamba, chicherewecherewe chimakhakhala, chimang'aluka, n'kumapyapyala. Thupi silikhala chete. Limayesa kukonza. Fupa la pansi limalimba, m'mbali mwa mfundo mumaphuka timafupa tatsopano ngati mlomo wa mphika, kathumba nthawi zina kamatulutsa madzi ambiri mpaka bondo kutupa. N'chifukwa chake sindikonda kuuza munthu kuti mafupa ake atha ngati tayala la njinga. Tayala silidzikonza. Mfundo ndi yamoyo, ndipo matendawa ndi mkangano wa zaka zambiri pakati pa kuwonongeka ndi kukonzeka. Mkangano umenewo mwini thupi angathe kuulowerera.

Mayi aja ndinawafunsa mafunso amene ndimafunsa aliyense. Bondo limapweteka nthawi yanji? Anati akayenda mtunda, akamatsika chitunda chopita kudambo, akamadzuka pamphasa, ndipo makamaka madzulo akaweruka kumunda. Akapuma limaleka. M'mawa limakhala bwanji? Anati limauma gwa, koma akasesa pabwalo n'kuteleka madzi osamba limakhala litamasuka. Chimene asiya kuchita n'chiyani? Apa anayamba ayang'ana pansi. Anati kutchalitchi sagwadanso, ndipo kunjuta kuchimbudzi kwasanduka nkhondo, moti amachepetsa kumwa madzi kuti asamapiteko kawirikawiri.

Mayankho amenewo ndiwo nkhope ya matendawa. Ululu wake umabwera ndi ntchito n'kuchepa ndi kupuma. Kuuma kwa m'mawa sikupitirira mphindi 30. Munthu akakhalitsa, monga pa maliro kapena m'basi yochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, potsika mfundo zimayamba zakana. Ena amamva kukukuta m'kati ngati muli mchenga. Ena bondo limatupa masiku angapo n'kuphwa. Ena limagwedera ngati likufuna kuwagwetsa. Pakapita zaka mwendo ungapindike ngati uta, chifukwa mbali ya m'kati ya bondo ndiyo imaperepeseka msanga. Zonsezi sizibwera tsiku limodzi. Zimakwawa miyezi ndi zaka, masiku ena abwino, ena oipa, ndipo ambiri amadandaula kwambiri m'nyengo yozizira ya June ndi July.

Bondo si lokhalo. Mfundo ya m'chiuno, pamene fupa la ntchafu limalowa, nayo imagwidwa, ndipo imapusitsa anthu ambiri. Ululu wake umamveka m'mphechepeche kapena kutsogolo kwa ntchafu, nthawi zina n'kutsikira kubondo, moti munthu amatema mphini pabondo labwinobwino pamene vuto lili kumtunda. Wotereyu amavutika kuvala nsapato, kudula zikhadabo za kumapazi, kapena kukwera njinga. M'manja, matendawa amakonda tsinde la chala chachikulu ndi mfundo za kumapeto kwa zala, pafupi ndi zikhadabo, pamene pamatuluka timibulu tolimba. Dokotala wa ku London, William Heberden, anatifotokoza m'buku lake limene linatuluka mu 1802, ndipo mpaka lero timatchedwa ndi dzina lake. Mayi amene ali nato amavutika kufinya zochapa, kutsegula botolo, kapena kutongola chimanga. Khosi ndi msana wa m'munsi nazonso zimakhudzidwa.

Tsono chimayambitsa n'chiyani? Ana a mayi aja sananame kwenikweni: zaka zili ndi gawo lalikulu. WHO ikuti mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 73 ndi opitirira zaka 55. Koma taonani mbali inayo: otsalawo sanafike msinkhu umenewo. Ndiponso tonse tikudziwa agogo a zaka 80 amene amapita kumsika wapansi popanda kudandaula. Ukalamba umatsegula chitseko, koma pali zina zimene zimalowetsa matendawa.

Choyamba ndi kuvulala kwakale. Mnyamata amene anapotokola bondo pa mpira mtsempha n'kuduka, kapena amene anagwa pa njinga yamoto ya kabaza fupa n'kuthyokera m'mfundo, angadzamve zotsatira zake patapita zaka 10 kapena 20, akadali bambo wamphamvu zake. Fupa lothyoka limene linapola mokhota, chifukwa mwini wake anachedwa kubwera kapena anachotsa chikhakha msanga, limasenzetsa mfundo katundu mbali imodzi moyo wonse. Ngozi za njinga zamoto zimene zadzaza mawodi athu lero zikutikonzera odwala mawondo a mawa.

Chachiwiri ndi kulemera kwa thupi. Poyenda, bondo limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa munthu kawiri kapena katatu, ndipo pokwera kapena kutsika mtunda imaposa pamenepo. Kilogalamu iliyonse yowonjezera imachulukitsidwa pa phazi lililonse limene mwaponya. Mafuta a m'thupi amatulutsanso zinthu zimene zimakolezera kutupa, n'chifukwa chake anthu onenepa kwambiri amadwalanso m'zala, zimene sizisenza thupi. Kwathu kuno kunenepa timakuyamikira kuti munthu akupeza bwino, koma mawondo ndiwo amalipira.

Chachitatu ndi mtundu wa ntchito. Kugwada, kunjuta ndi kunyamula zolemera tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri kumalemetsa mawondo ndi chiuno. Chidebe cha malita 20 ndi makilogalamu 20 pamutu, ndipo mtsikana amene anayamba kuchisenza ali wamng'ono amafika pa ugogo atachiyendetsa mitunda yosawerengeka. Amayi ndiwo ambiri mwa odwala, 60 mwa 100 alionse padziko lonse, makamaka akasiya kusamba. Palinso za kumtundu: ngati amayi anu ndi azakhali anu anali ndi timibulu ta m'zala, mwina nanunso mudzationa. Pomaliza pali matenda ena amene amasiya mfundo yowonongeka, monga mafinya a m'mfundo pa ubwana, chiuno chobadwa chosakhazikika, miyendo ya matewe, ndi sickle cell imene ingaphe mutu wa fupa la ntchafu munthu akadali wachinyamata.

Nditamva nkhani ya mayi aja, ndinawapempha kuti ayende kufika pakhomo n'kubwerera. Ndinayang'ana mmene miyendo yaimira. Atagona pabedi, ndinaika kuseri kwa dzanja langa pa bondo lililonse kuti ndimve ngati likutentha. Silinali kutentha. Ndinasisita m'mbali mwa fupa la pamwamba pa bondo kufufuza madzi. Analipo ochepa kumanja. Ndinadina ndi chala m'mphako ya mfundo, mbali ya m'kati, ndipo anakoka mpweya ndi mano. Ndinapinda ndi kuwongola mwendo dzanja langa lili pabondo, n'kumva kukukuta kuja pansi pa chikhatho. Ndinayerekeza ntchafu ziwirizo: ya kumanja inali yowonda, chizindikiro choti akhala akuusunga mwendowo. Kenaka ndinazunguza chiuno, kuti nditsimikize kuti bondo silikulira maliro a mnzake. Zonsezi sizinathe mphindi 10, ndipo dzina la matenda linali litadziwika.

Musaganize kuti timachita zimenezi chifukwa cha kuchepa kwa zipangizo. Ngakhale ku Britain, kumene makina sasowa, malangizo a bungwe la NICE amati munthu wa zaka 45 kapena kuposa, amene mfundo imamupweteka akamagwira ntchito, ndipo kuuma kwa m'mawa kulibe kapena sikupitirira mphindi 30, adziwike kuti ali ndi matendawa popanda kujambula. Palibenso kuyeza magazi kumene kumasonyeza osteoarthritis. Tikatenga magazi, timakhala tikufufuza matenda ena.

X-ray ili ndi ntchito yake. Timaifuna pamene nkhani ya wodwala siikugwirizana ndi zimene tapeza, pamene panali ngozi, pamene matenda akuthamanga modabwitsa, kapena pamene tikuganiza za opaleshoni. Chicherewecherewe sichioneka pa chithunzi. Chimene timaona ndi mpata wa pakati pa mafupa, ndipo mpatawo ukachepa timadziwa kuti chapyapyala. N'chifukwa chake bondo liyenera kujambulidwa munthu ataimirira, katundu ali pamwamba pake. Timayang'ananso timafupa tophuka m'mbali ndi kuyera kwa fupa lolimba. Madokotala awiri a ku Manchester, Kellgren ndi Lawrence, anakonza mu 1957 muyeso wa magawo kuyambira 0 mpaka 4 umene tikugwiritsabe ntchito. Koma chithunzi ndi ululu kawirikawiri siziyendera limodzi. Alipo a chithunzi choopsa amene amalima ekala yathunthu, alipo a chithunzi chooneka bwino amene sagona tulo.

Phunziro limeneli ndinaliphunzira mowawa. Nditangoyamba ntchito, bambo wina wachikulire anabwera ndi chithunzi cha bondo. Ndinachikweza pawindo, n'kumulozera pamene mafupa ayandikana, n'kunena kuti, "Bambo, apa patha, mafupa akukhulana okhaokha." Ndinkaona ngati ndafotokoza bwino. Patapita miyezi ingapo anabwera atamunyamula pa njinga. Mawu anga anamuopsa, anasiya kuyenda kuti asamalize chimene chatsala, ntchafu zinafota, ndipo bondo linauma kuposa kale. Chithunzi sichinasinthe kwenikweni, koma munthuyo anali atasintha. Kuyambira tsiku limenelo ndimasankha mawu mosamala ngati mmene ndimasankhira mankhwala.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka, musanene kuti ndi nyamakazi ya masiku onse. Mfundo imene yatupa mwadzidzidzi, yotentha, yosalola kukhudzidwa, munthu ali ndi malungo m'thupi, ingakhale ndi mafinya m'kati, ndipo mafinya amawononga mfundo m'masiku ochepa. Ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ululu woyaka ngati moto umene umadzutsa munthu usiku, makamaka pa chala chachikulu cha kuphazi, n'kutha pakapita masiku, nthawi zambiri ndi gout. Zala ndi mikono yotupa mbali zonse ziwiri, kuuma kwa m'mawa kopitirira ola, ndi kutopa kosatha, makamaka kwa mayi wachitsikana, zimaloza ku rheumatoid arthritis, imene imafuna mankhwala akeake msanga isanapinde zala. Mfundo imodzi kapena msana umene ukupweteka kwa miyezi, munthu akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, kuno kwathu timaganizira TB ya m'mafupa, makamaka kwa amene ali ndi HIV. Ndipo mwana wotsimphina alibe nyamakazi ya akulu. Apimidwe.

Mankhwala obwezeretsa chicherewecherewe palibe, kaya a kuchipatala, a m'botolo la pamsika kapena a m'mphini. Aliyense wokulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu. Koma chithandizo chilipo, ndipo chachikulu chili m'manja mwanu. Minofu ya ntchafu ndiyo nkhata ya bondo. Mayi aja ndinawaphunzitsa kukhala pampando, kuwongola mwendo, kuwerenga mpaka 10, n'kuutsitsa pang'onopang'ono, kakhumi m'mawa ndi kakhumi madzulo, kenaka kudzuka ndi kukhala pampando mobwereza. Ndinawatumizanso kwa anzathu a mafizo. Kuyenda pamalo athyathyathya ndi kupalasa njinga n'zabwino. Masiku oyamba ululu ungawonjezeke pang'ono, koma kumeneko si kuwonongeka. Amene thupi lakula, kuchepetsako ngakhale makilogalamu ochepa kumamveka m'mawondo. Ndodo igwidwe ndi dzanja la mbali yabwino, osati ya mwendo wodwala. Mpando wokwera ulowe m'malo mwa mphasa. Kuchimbudzi, mwana waluso angakhome chogwirira kapena kupanga mpando wobowola, ndipo mayi amwe madzi mosaopa.

Za mapiritsi ndichenjeze. Brufen, diclofenac ndi indocid amathandiza, koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumabweretsa zilonda za m'mimba, kumavulaza impso, ndi kukweza BP. Ndaonapo agogo akusanza magazi chifukwa cha mapiritsi a bondo ogula pa okala. Pa bondo, mankhwala opaka a mtundu womwewo ndi abwino kuyamba nawo chifukwa salowa kwambiri m'magazi. Oopsa koposa ndi prednisolone ndi dexamethasone omwa popanda dokotala: ululu umathawa, koma nkhope imatupa, shuga amakwera, mafupa amafooka. Kwa ochepa amene zonse zakanika, pali opaleshoni yoika mfundo yopanga, imene kuno ku Malawi madokotala a pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre anayamba kuichita m'zaka za m'ma 2000. Koma odwala ambiri safika pamenepo.

Mayi a mphini aja anabweranso patatha masabata 6. Sindinawajambule. Anadzuka pabenchi atagwira ndi dzanja limodzi lokha. Anati ululu ulipobe, koma atsikira kudimba kawiri, ndipo mwana wawo wawakhomera chogwirira.

Inu amene mawondo ayamba kukukanani, musadikire mpaka kukwawa, ndipo musagulitse mbuzi kuti mukajambulitse kutauni musanapimidwe. Yambani ndi chipatala chimene muli nacho pafupi. Pobwera, bwerani ndi mayankho a mafunso awa: pamapweteka pati, nthawi yanji, kuuma kwa m'mawa kumatha mphindi zingati, munavulalapo liti, mukumwa mankhwala anji, ndipo mwasiya kuchita chiyani chimene mumachikonda. Inunso ana amene muli ndi makolo otere, musawakhazike pakhonde n'kuwalanda ntchito zonse poganiza kuti mukuwachitira chifundo. Alandeni chidebe cha madzi, koma musawalande kuyenda. Aperekezeni kuchipatala, akhomereni chogwirira, ndipo madzulo dzuwa likapepa, yendani nawo mpaka kumsewu n'kubwerera.